Kwa Bwana Amene Munabwereka Lipenga Lathu

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mafilimu ya Tsegulamaso,
Kulikonse kumene mumakhala, kutali ndi madzi.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndagwada kaye, ndipo pepala likanakhala ndi manja mukanamva likuwomba. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi kunyumba, ana, komanso mizukwa yonse imene mumaweta pakampani panupo. Ife kuno tilipo ndithu, kupatula mwendo umodzi wa mlamu wanga umene unatsalira kuchipatala. Koma za mwendowo ndifikako pang'onopang'ono, sindikufuna kukuyambitsani ndi zowawa musanakhale pansi.

Simundidziwa, ndipo palibe chifukwa choti munthu wamkulu ngati inu adziwe mayi wogulitsa tiyi. Ndine mwini wa kanyumba kamalata kaja ka padoko, pafupi ndi pamene amayezera nsomba, kamene munakajambula m'filimu yanu yotchuka ya Lipenga la Omira. Ketulo yakuda imene imagubuduka pansi mzukwa ukamakoka munthu ija ndi yanga. Inapindika mlomo tsiku lomwelo ndipo mpaka lero imathira tiyi cham'mbali, koma sindidandaula, pakuti si ketulo iliyonse imene inaonekapo pa kanema. Amuna anga ndi msodzi. Anthu anandiuza kuti makalata opita ku ofesi yanu amasochera m'njira, choncho ndati ndikuthokozeni poyera, m'nyuzipepala, kuti dziko lonse lidziwe zabwino zimene munatichitira.

Kuti mumve kukula kwa chithokozo changa, ndiloleni ndikukumbutseni ntchito ya lipenga, poti pa zochita zanu zambiri mwina munaiwala kuti lisanakhale la mizukwa linali la anthu. Doko lathu lili kuseri kwa matanthwe. Boti likamatuluka kapena kubwera limadutsa pampata umodzi wokha, ndipo miyezi ya chifunga mpatawo suoneka ngakhale uli pamphuno pako. Choncho boti lililonse limakhala ndi lipenga, kachitsulo kotambasuka kukamwa, komangirira ndi chingwe pafupi ndi injini. Injini ikazima, mafunde n'kuyamba kukukankhira kumatanthwe, umaliza. Kumtunda aliyense amene wamva ankasiya chimene wagwira. Wometa ankasiya munthu mutu theka, wosoka ukonde ankataya singano, wodya ankanyamuka m'kamwa muli chakudya, onse kuthamangira ku boti lalikulu limene limakhala pamchenga, poti limafuna mapewa ambiri kuti lifike m'madzi. Sankafunsa kuti akuliza ndani. Ndinaonapo ndi maso angawa amuna awiri amene ankalimbirana mkazi, wina akuvuula mnzake m'madzi, n'kuyambiranso kutukwanana atafika pouma. Tinkati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Linali khalidwe lachikale ndithu, ndipo tinkakhala nalo mu umbuli wathu mpaka tsiku limene munatikumbukira.

Choyamba, Bwana, zikomo chifukwa cha alendo amene munatitumizira. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo anthu anu anabwera nako kakuthwadi, tinangozindikira tametedwa. Mkulu wawo anali bambo uja wovala chipewa chotembenuza, amene ankakhala pabenchi yanga n'kumamwa tiyi wopanda shuga kwinaku akufunsa ngati kuno kuli mizukwa. Tinamuuza zoona, kuti akufa athu ndi anthu aulemu, akagona agona. Anakhumudwa mpaka ndinamumvera chisoni. Ndiye m'mawa wina ali pompo lipenga linalira kunyanja, doko lonse n'kudzuka ngati munthu mmodzi, boti lalikulu n'kulowa m'madzi, asodzi atatu n'kubwera amoyo. Ife tinkayembekeza kuti mlendo aona ubwino wa anthu. Iye anaona zina. Maso ake anawala, n'kunena kuti mawu amenewa amayimitsa tsitsi, ndipo ndi amene wakhala akuwafuna.

Tsiku lotsatira anapempha munthu woti awalizire lipenga kuti ajambule mawu ake. Amuna anga, amene sakana mlendo ngakhale atawapempha malaya, anavomera. Anasamba, anavala shati ya kutchalitchi ngakhale anawauza kuti nkhope siioneka, n'kukaima kutsogolo kwa chojambulira mawu chaubweya chija chokhala ngati mchira wa galu. Analiza ndi mtima wonse. Amuna angawa anasuta fodya zaka zambiri, choncho akamaliza lipenga mpweya umawathera kumapeto, mawu n'kuthyoka ngati tambala wachimfine. Anapepesa, nati ayesenso. Wachipewa uja anadumpha ndi chimwemwe, akuti kuthyokako ndiye ndiwo zake. Anawapatsa tisheti yolembedwa dzina la kampani yanu, ndipo anaivala mwezi wathunthu ndi kunyada konse. Panopa timapukutira matebulo, imamwa madzi bwino kwambiri, zikomo.

Chachiwiri, zikomo potiphunzitsa mbiri yathu. Filimu yanu imayamba ndi mawu akuluakulu oti iyi ndi nkhani yochitikadi. Akuti kalekale asodzi ena analiza lipenga m'chifunga, anthu akumtunda ali pamowa n'kutseka makutu, asodziwo n'kumira. Ndiye tsopano chifunga chikangogwa amabwerera kudzabwezera, amaliza lipenga lomwelo, ndipo aliyense wothamangira kugombe amamukokera pansi pa madzi. Titaonera tinachita manyazi kuti nkhani yaikulu chonchi tinkaiphonya bwanji. Tinafunsa okalamba onse, mpaka aja osamva amene umachita kuwakuwira m'khutu. Palibe anakumbukira tsiku limene lipenga linalira padoko pano anthu n'kukhala pansi. Koma ndife ayani ife kuti titsutsane ndi zolembedwa pa kanema? Ife tinangobadwira pano, inu munabwera ndi kamera.

Ndiyamikirenso ukadaulo wa mizukwayo. Munatenga amuna athu omwewa, kuwapaka ufa kumaso, kuwaveka ndere kumutu, kuwathira msuzi wa tomato pachifuwa, n'kuwauza kuti aziyenda ngati afuna kuchimbudzi koma akuchita manyazi. Nkhuku zinawatsatira tsiku lonse chifukwa cha ufawo. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ndikakumbukira kuseka kumeneko lero ndimadziona kupusa.

Chachitatu, ndipo apa ndagwadanso kachiwiri, zikomo pondiika m'filimu. Sikuti ndinaoneka ineyo ayi, nkhope yangayi ingaswe kamera. Munabweretsa chiphadzuwa cha mumzinda cha zikhadabo zazitali zofiira, chimene chinkagwira ketulo yanga ngati chagwira chule. Ameneyo ndiye mayi wa tiyi wa m'filimu. Lipenga likalira, anthu onse amatseka zitseko, koma iye amataya makapu n'kumathamanga khomo ndi khomo akukuwa kuti ndi mwamuna wanga, ndi mwamuna wanga, thandizeni. Palibe amamutsegulira. Amathamangira yekha kugombe, manja oyera n'kutuluka m'madzi, basi zake zathera pomwepo, filimu isanafike n'pakati pomwe. Phunziro lake ndi lomveka ngakhale kwa ife osaphunzira: wa mtima wabwino ndiye amayamba kufa. Ndaonera gawo loyamba, lachiwiri ndi lachitatu, ndipo sindinaone munthu ndi mmodzi yemwe woyankha lipenga amene anabwerako. Amene amapulumuka m'magawo onse ndi wasitolo uja woumira, amene amakhoma chitseko, kuika thonje m'makutu, n'kukhala pathumba la mpunga mpaka kunja kuyere. Ana athu apeza munthu womutsanzira.

Chachinayi, zikomo chifukwa filimu yanu sinatisale. Inafika kwa wometa, amene amaionetsa kuyambira m'mawa mpaka jenereta itatopa. Inafika m'mafoni. Poyamba anthu ankangoseka, akuloza kuti mzukwa uwo ndi wosoka maukonde, uwo wamimbawo ndi mpongozi wa wapampando wa asodzi. Koma mantha salowa pakhomo ngati mlendo, amalowa ngati chinyontho m'khoma. Ana anayamba kukana kukatunga madzi kukakhala chifunga. Kenako achinyamata anatenga kulira kwa lipenga la amuna anga n'kukuika m'mafoni mwawo, kuti munthu akawaimbira pazilira pomwepo. Ena anapeza masewera okabisala kuseri kwa shedi ya nsomba ndi sipika, n'kuliza. Amuna ankathamanga, kukankha boti lalikulu mpaka m'madzi, n'kupeza nyanja ili phee, kuseri kwa shedi kukumveka chikhakhali. Anathamanga koyamba, anathamanganso, kenako anayamba kuyang'anana kaye asanadzuke.

Ndiye panadzachitika kuti mmodzi mwa othamanga kwambiri, mmisiri wokhoma maboti, anadwala chibayo n'kumwalira. Anali munthu wachikulire ndipo chifuwa chinkamuvuta kuyambira kale, koma pamaliro pake anthu ankanong'onezana kuti mwaona, ndi uja anafika poyamba kumadzi tsiku lija. Palibe ananena mokweza kuti mizukwa yanu yamutenga. Sitinafike popusa chotero. Tinangofika poti munthu akamva lipenga azidziuza kuti mwina ndi foni, mwina ndi ana, ndipo ngati si foni kapena ana, ndiye bwino ayambe wina. Anthu onse akamadikira kuti ayambe wina, Bwana, doko limakhala laulemu kwambiri.

Chachisanu ndi chachitali, mundikhululukire, ndi chimene ndatengera cholembera.

Unali m'mawa wa chifunga chaka chathachi. Madzi anali atangowira, ndikudula buledi. Amuna anga anali atatuluka ndi mng'ono wawo, mlamu wanga uja, m'boti lawo laling'ono. Ndinamva lipenga. Sindinafunikire kufunsa munthu. Mkazi amene wagona pafupi ndi chifuwa chimodzi zaka zonsezi amadziwa pamene mpweya wake umathera. Linalira, n'kuthyoka kumapeto, kuchokera kumatanthwe. Ndinataya mpeni n'kutuluka. Pabenchi panali amuna anayi akumwa tiyi wanga. Anayang'ana m'makapu mwawo ngati mwagwera ntchentche.

Ndinathamangira kwa wapampando wa asodzi. Anandiyankhira pawindo, atavala malaya amkati, kuti nkhaniyi ndi yofunika kuifufuza bwino tisanaike miyoyo ya anthu pachiswe. Ndinathamangira kwa abusa. Anati tiyambe tapemphera kuti tizindikire ngati mzimu umenewu ndi wochokera kumwamba kapena pansi pa nyanja, ndipo pemphero la abusa athu likayamba, tiyi amazizira kawiri. Ndinawasiya ali pa Mose. Ndinafika kwa wometa, amene ndi katswiri wa filimu yanu poti waionera kuposa munthu aliyense. Anatchera khutu ngati dokotala, n'kundiuza kuti mayi, khazikani mtima pansi, limenelo ndi la m'filimu ndendende, tamverani mmene likuthyokera kumapetoko. Ndinamuuza kuti likuthyoka chifukwa wolizayo ndi yemweyo, mapapo ake ndi omwewo, ndi mwamuna wanga. Anabwerera m'mbuyo, nkhope itasintha, n'kunena kuti mawu amenewo ndi amene mayi wa tiyi uja ananena asanakokedwe. Anatseka chitseko ndi loko.

Mukuona luso lanu, Bwana? Munandilembera mawu anga ndisanawalankhule. Ndinkathamanga khomo ndi khomo ndikukuwa choonadi, ndipo anthu ankasuzumira m'makatani n'kumaona gawo loyamba. Ndikamakuwa kwambiri, m'pamenenso ankakhulupirira kuti filimu ija sinaname.

Munthu mmodzi yekha ndiye anabwera. Kuno tili ndi bambo wina timamutcha a Ndisiyamawa, chifukwa ndi zimene amayankha akafunsidwa za mowa. Bambo ameneyu walowa kwa wometa kukaonera filimu yanu kambirimbiri, koma amagona mayina a ochita sewero asanathe kudutsa, choncho maphunziro anu onse anamuphonya. Anali atagona pansi pa boti lakale. Atamva lipenga anadzuka mmene thupi lake linazolowerera kuyambira ali mnyamata, n'kuthamanga chopepesuka, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja. Tinakumana paboti lalikulu, ine ndi chidakwa. Tinaika mapewa. Tinakankha mpaka ndinalawa magazi m'kamwa. Botilo silinasunthe ngakhale pang'ono, poti analipangira doko lonse, osati mayi wa tiyi ndi munthu wa matsire. A Ndisiyamawa ankangofunsa kuti anthu ali kuti, kodi kwagwa maliro kwina?

Lipenga linapitiriza kulira, mpweya ukucheperachepera. Kenako linasiya. Mafilimu anu ndawaonera onse, Bwana, ndipo mumayesetsa ndithu, koma simunapangepo chinthu choopsa ngati kukhala chete kumene kunatsatira. Ndinakhala pansi pamchenga. Ndinachita mantha, ndipo ndinadana ndi anthu amene ndakhala ndikuwathirira tiyi moyo wanga wonse.

Chifunga chitayamba kupepuka, anthu anayamba kutuluka n'kuima patali, pamwamba pa mchenga, mafoni ali m'manja. Ndiye m'madzi munatuluka chinthu. Chinkakwawa, kumutu kuli ndere, nkhope itayera ndi kuzizira, pachifuwa pali magazi, chikukoka munthu wina pakolala. Ndikuuzeni monyadira kuti anthu anu a ufa ndi tomato aja anajambula bwino, poti amuna anga anatuluka m'nyanja akufanana nawo kwambiri. Khamu lonse linangoti balala. Mayi wina anataya beseni la nsomba, mnyamata wina anagwa n'kudzuka osasiya kujambula. Amuna anga anakweza dzanja kuti awathandize kunyamula mng'ono wawo, anthu n'kuthawiratu, poti ndi mmene mizukwa yanu imakwezera dzanja.

Boti linali litasweka pamatanthwe, ndipo mwendo wa mlamu wanga unapanikizika pakati pa thabwa ndi mwala. Tinamuika mu wilibala yonyamulira nsomba, ine, chidakwa ndi mzukwa, n'kumukankha mpaka kumsewu. Kuchipatala anati tikanafika msanga mwina akanaupulumutsa. Anaudula pamwamba pa bondo. Ndi munthu wa ana ang'onoang'ono, ndipo mkazi wake ndi woyembekezera. Panopa amakhala pakhonde n'kumasoka maukonde a anthu amene sanabwere aja, poti ntchito ina palibe, ndipo amawasokera bwino.

Chachisanu ndi chimodzi, landirani mafuno anga abwino, chifukwa tsopano simulinso abodza. Mawu aja oti nkhani yochitikadi, amene okalamba athu ankawapukusira mitu, lero ndi oona. Padoko pano asodzi analizadi lipenga m'chifunga, anthu n'kutsekadi zitseko. Makampani ena amayamba adikira kuti zinthu zichitike kenako n'kujambula. Inu munayamba ndi kujambula, ife n'kumalizitsa. Chimene chatsala kuti filimu ikwanire ndi kubwezera kokha, koma pamenepo amuna anga akukugwiritsani mwala. Sanatukwane munthu. Wapampando anabwera ndi paketi ya shuga, maso ali pansi, iwo n'kumupatsa mpando. Wometa anawauza kuti aziwameta ulere moyo wawo wonse, iwo n'kuthokoza, ngakhale kuyambira pamenepo ndimawameta ndine ndi lumo pakhonde. Ndikanakonda akanakalipa, akanaswa chinachake. Munthu wongoti zikomo pa chilichonse amaopsa kukhala naye m'nyumba.

Palinso ena amene mpaka lero sakhutira kuti amene anatuluka m'madzi uja ndi munthu. Gawo lachiwiri linatiphunzitsa kuti mzukwa umadziwika ndi mapazi onyowa, choncho ana amawatsatira pambuyo n'kumayang'ana pamene aponda. Msodzi, Bwana, mapazi ake auma liti? Mayi wina amene wagula nsomba kwa ife zaka zambiri anayamba kugula kwina, akuti sakudziwa kuti nsomba zathu zikuchokera mbali iti ya nyanja.

Musaganize kuti tinangokhala manja lende. Wapampando anaitanitsa msonkhano kuti tipeze chizindikiro china m'malo mwa lipenga. Wina anati belu. Anamukumbutsa kuti m'gawo lachiwiri belu la tchalitchi limalira lokha, wokaona n'kupezeka atapachikika pachingwe chake. Wina anati mluzu. Mluzu ndi umene kamtsikana komira kaja kamaimba m'gawo lachitatu. Wina anati tizingokuwa kuti ndithandizeni, anthu n'kuseka, poti mawu amenewo ndiye nyimbo ya fuko ya mizukwa yanu kuyambira gawo loyamba. Mphunzitsi anati foni, asodzi n'kumufunsa ngati anayesapo kusindikiza manambala ndi zala zozizira, boti likuzungulira, pamalo pamene netiweki imathera. Tinabalalika dzuwa likuswa mtengo titagwirizana chimodzi, kuti nkhaniyi ndi yofunika msonkhano wina. Mwagwira ntchito yotamandika, Bwana. Phokoso lililonse limene munthu womira angapange munalitenga kale, moti chatsala kwa ife ndi kumira mwakachetechete, mosasokoneza anthu.

Tsopano amuna anga amakwera boti la eni ake ngati waganyu, poti ana sadya filimu. Amatuluka m'mawa uliwonse kudzera pampata womwe uja. Akulu anati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo ine ndinakwatiwa ndi msodzi ndikudziwa chimene nyanja ili. Nyanja sindinkaiopa kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti kumbuyo kwanga kuli anthu. Masiku apitawa ndinawafunsa ngati boti latsopanolo lili ndi lipenga. Anati lilipo, koma iwo sadzalizanso. Anati kumira n'kumira, aliyense adzafa, koma kuliza mpaka mpweya kutha uku ukudziwa kuti abale ako akukumva ali m'nyumba, zimenezo munthu sapirira kawiri. Ananena akumanga nsapato, osandiyang'ana. Mphepo yatembenuka kale, Bwana, m'mawa magalasi a kanyumba kanga ayamba kuchita thukuta. Chifunga chili pafupi.

Ndamva pa wailesi kuti gawo lachinayi lili m'njira, ndipo kuti mubweranso kudzajambulira konkuno chifukwa anthu ake ndi ochereza. Takulandirani ndi manja awiri. Benchi ilipo, tiyi wopanda shuga alipo. Ndili ndi kapempho kamodzi kokha, ndipo ngati ndalakwa mundikhululukire, ndine munthu wamba.

Pagulu la anthu onse amene mwakonza kuwapha m'gawo limeneli, ndiloleni ndikupempheni mmodzi. Mmodzi yekha. Amve lipenga, athamange, aitane anzake, akankhe boti, akapeze munthu weniweni wonyowa ndi wozizira, abwere naye, onse awiri akhale ndi moyo mpaka mayina a kumapeto kwa filimu adutse. Enawo apheni mmene mukufunira, akokeni, apachikeni, athireni tomato yense wa mumsika. Anthu a kuno anasiya kumvera wapampando, abusa ndi akazi awo, koma inu amakumverani. Munatha kuwaphunzitsa kutseka chitseko m'filimu imodzi, sindikukayika kuti mukhoza kuwaphunzitsa kutsegula.

Koma ngati akatswiri anu anena kuti munthu wopulumutsa mnzake sagulitsa filimu, ndimvetsa, malonda ndi malonda. Pamenepo pempho langa lichepe ndithu. Nthawi ino musatume anthu, mubwere nokha, Bwana, tidzakuoneni nkhope. Musankhe m'mawa wa chifunga chabwino, chija chokoma pa kamera. Amuna anga adzakutengani pa boti mpaka pampata, adzazimitsa injini kuti isasokoneze mawu, ndipo adzakupatsani lipenga m'manja mwanu, poti iwo anasiya. Mudzalize ndi mphamvu zanu zonse. Musadzade nkhawa kuti mwina sitikumva, kumtunda kuno limamveka bwino kwambiri. Tonse tidzakhalapo, aliyense pawindo lake, ndipo ndikukulonjezani kuti palibe adzasokoneze chithunzi chanu pothamangira kumadzi. Tidzaonera mpaka kumapeto, mwaulemu, monga munatiphunzitsira.

Ndatha ine wanu wogwada mpaka mawondo kuchita zipsera,

Mkazi wa msodzi,
Padoko.